Zoti Baibulo linasinthidwa: Constantine, mabuku 66 ndi mavesi osowa aja

Pali nkhani ina siimatha, imabwera mu kavidiyo, imabwera pa WhatsApp, kapena munthu amangoiponya mkati mwa mkangano akaona kuti zamuthina. Akuti Constantine, mfumu ya Rome, anasonkhanitsa mabishopu ku Nicaea, n'kusankha mabuku oti alowe m'Baibulo, enawo n'kuwaotcha, kenaka n'kuvota kuti kuyambira lero Yesu ndi Mulungu. Wina amaonjezerapo kuti taonani, Baibulo la Akatolika ndi lalikulu kuposa la Apulotesitanti, komanso Mateyu 17:21 m'mabaibulo ena mulibe, nde mukuti silinasinthidwe? Wokhulupirira akamva zimenezi amapsa mtima, wosakhulupirira amaomba m'manja, koma onse awiri sazindikira kuti mu nkhani imodziyi muli mafunso angapo osiyana, ena oti yankho lake lilipo m'mabuku a mbiri, ena oti mbiri singakuyankhireni olo mutafufuza bwanji. Tiwamasule limodzilimodzi.

Bwanji ena ali ndi mabuku 66, ena 73?

Baibulo si buku limodzi, ndi mabuku ambiri omwe anasokedwa pamodzi, ndipo mndandanda wa mabuku amene mpingo umawavomereza kuti ndi Malemba amautchula kuti kanoni. Apulotesitanti ali ndi 66, Akatolika 73, a Orthodox amaposa pamenepo, mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia umawerenga 81. Apulotesitanti ndi Akatolika sasiyana pa Chipangano Chatsopano, onse ali ndi mabuku 27 omwewo. Nkhani yonse ili ku Chipangano Chakale, uku 39 uku 46.

Chinachitika ndi ichi. Malemba a Ayuda analembedwa m'Chiheberi, koma Yesu asanabadwe Ayuda ambiri anali atabalalika m'mayiko olankhula Chigiriki, ana awo Chiheberi osachimvanso. Nde ku Alexandria, ku Egypt, kuyambira zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe, anayamba kumasulira Malembawo m'Chigiriki, kumasulira kumene kumatchedwa Septuagint. Pamodzi ndi Septuagint pankayendanso mabuku ena achiyuda, Tobiti, Yuditi, Nzeru za Solomoni, Siraki, Baruki, mabuku awiri a Amakabeo, ndi zigawo zoonjezera za Estere ndi Danieli. Akhristu oyamba ambiri ankawerenga Chigiriki, olemba Chipangano Chatsopano nawonso nthawi zambiri akamagwira mawu a aneneri ankatenga mu Septuagint, nde mabuku amenewa analowa mu mpingo mwa njira imeneyo. Ayuda iwo mndandanda wawo utakhazikika sanawaikemo.

Mkangano wake siunayambe ndi Martin Luther, amene anayambitsa Chipulotesitanti, ayi. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, ankati mabuku osapezeka m'Chiheberiwa ndi abwino kuwerenga koma asamamangirepo chiphunzitso. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, ankati ndi Malemba ndithu, ndipo misonkhano ya ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397 inayenda ndi maganizo amenewo. Patadutsa zaka zoposa 1000 Martin Luther anatenga mbali ya Jerome, mu Baibulo lake la 1534 anawaika pakati pa zipangano ziwiri pansi pa dzina loti Apokirifa. Akatolika anayankha pa msonkhano wa ku Trent mu 1546 ponena motsindika kuti onsewo ndi Malemba. Panalinso chinkasonkhezera moto: 2 Amakabeo 12 imakamba zopempherera akufa, nkhani imene mbali ziwirizi zinkalimbana nayo koopsa nthawi imeneyo.

Chimene ambiri sadziwa n'choti King James ya 1611 inali ndi Apokirifa mkatimo. Anayamba kusowa m'mabaibulo ambiri a Apulotesitanti makamaka kuchokera mu 1826, pamene British and Foreign Bible Society inaleka kulipirira kusindikiza mabaibulo okhala ndi mabukuwa. Nde funso loti kodi Akatolika anaonjezera kapena Apulotesitanti anachotsa limatengera pamene mwayambira kuwerenga, mukayambira pa mndandanda wa Chiheberi mudzati anaonjezera, mukayambira pa Baibulo la Chigiriki ndi Chilatini limene mpingo unkagwiritsa ntchito mudzati anachotsa.

Nanga 27 aja anasankha ndani?

Palibe tsiku limene anthu anakhala pansi n'kusankha. Zinayenda pang'onopang'ono, kwa zaka pafupifupi 300, ndipo kwenikweni zinkayenda ndi zomwe mipingo inkawerenga pamapemphero. Munthu amene anadzidzimutsa mpingo anali Marcion, cha m'ma 144 ku Rome, amene anataya Chipangano Chakale chonse n'kutsala ndi Luka wodulidwadulidwa ndi makalata 10 a Paulo basi. Mpingo unamukana, koma anausiyira funso lakuti chabwino, ngati wa Marcion ndi wolakwika, wanu mndandanda ndi uti? Pofika cha m'ma 180 Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, anali akulemba kale kuti Mauthenga Abwino ndi anayi, osaposa osachepera.

Mauthenga anayi, Machitidwe ndi makalata a Paulo sanavute kwenikweni. Amene anachedwa pakhomo ndi Yakobo, Yuda, 2 Petro, 2 ndi 3 Yohane, Ahebri kumadzulo, Chivumbulutso kummawa. Eusebius, wolemba mbiri ya mpingo wa m'nthawi ya Constantine yemweyo, analemba mosabisa kuti ena mwa amenewa anthu akukanganabe nawo. Panalinso mabuku amene anatsala pang'ono kulowa, monga M'busa wa Hermas ndi Kalata ya Barnabas, awiriwa alimo mu Codex Sinaiticus, limodzi mwa mabaibulo akale kwambiri amene alipo. Mndandanda woyamba wodziwika wokhala ndi mabuku 27 athu omwewa ndendende uli mu kalata ya Pasaka ya Athanasius, bishopu wa ku Alexandria, ya mu 367. Constantine anali atamwalira kale zaka 30 m'mbuyomo.

Ankayang'ana chani? Ngati bukulo likuchokera kwa mtumwi kapena munthu woyenda ndi atumwi, ngati mipingo ya madera osiyanasiyana inkaliwerenga, komanso ngati likugwirizana ndi chikhulupiriro chimene ankaphunzitsa pa ubatizo. Mabuku "obisidwa" amene amatchuka aja, monga Uthenga wa Tomasi, wa ziganizo 114 zimene amati ananena Yesu, wopezeka ku Nag Hammadi ku Egypt mu 1945, si obisika ayi, anamasuliridwa ndipo aliyense atha kuwerenga. Akhristu ambiri amati anasiyidwa chifukwa analembedwa mochedwa ndipo amaphunzitsa zachilendo. Akatswiri ena amati inde, komanso tisaiwale kuti gulu limene linapambana ndi lomwe linanena kuti chachilendo ndi chiti. Zonse ziwirizi zili ndi pogwira.

Ku Nicaea kunachitika chani kwenikweni?

Msonkhano unalipodi, mu 325, m'tauni imene lero ndi Iznik ku Turkey, ndipo anauitanitsa ndi Constantine, zimenezo n'zoona. Kunabwera mabishopu pakati pa 250 ndi 300, ngakhale mpingo umakonda kutchula 318. Koma zimene anagwirizana zinasungidwa, pali chikhulupiriro chimene analemba, malamulo 20 a kayendetsedwe ka mpingo, ndi nkhani ya tsiku la Pasaka. Za mabuku a m'Baibulo mulibemo olo mzere umodzi. Apa pokha sindizengereza, nkhani yoti Nicaea inasankha mabuku ndi yabodza, kaya mumakhulupirira kaya ayi. Chimene Constantine anachita pambuyo pake n'kuitanitsa makope 50 a Malemba oti akagwiritsidwe ntchito m'matchalitchi a mzinda wake watsopano wa Constantinople, mwina ndi pamene anthu amasokonezera.

Mkangano weniweni unali wa Arius, wansembe wa ku Alexandria. Arius sankati Yesu ndi munthu wamba kapena mneneri chabe, ayi. Ankati Mwana analipo dziko lisanalengedwe, zinthu zonse zinalengedwa kudzera mwa iye, koma iyeyo anachita kulengedwa ndi Atate, nde panali nthawi imene Mwanayo kunalibe. Mavesi anali nawo: Miyambo 8:22, Akolose 1:15 pamene pamati wobadwa woyamba wa chilengedwe chonse, Yohane 14:28 pamene Yesu akuti Atate ndi wamkulu kuposa iye. Bishopu wa Arius, Alexander, ndi mnyamata wake Athanasius amene nthawiyo anali dikoni, nawonso anali ndi awo, Yohane 1:1, Yohane 10:30, Tomasi pa Yohane 20:28 akuti Ambuye wanga ndi Mulungu wanga. Ndipo ankafunsa kuti ngati Khristu ndi cholengedwa, nde ife pomupembedza sitikupembedza cholengedwa? Nanga cholengedwa chingapulumutse bwanji zolengedwa zinzake?

Vuto linali loti vesi iliyonse imene mbali imodzi yatulutsa, mbali inayo inkaivomera n'kuimasulira mwayokha. N'chifukwa chake anafika pogwiritsa ntchito mawu osapezeka m'Baibulo, homoousios, kunena kuti chimene Atate ali ndi chimenenso Mwana ali, wobadwa osati wolengedwa. Mabishopu awiri okha ndi amene anakana kusaina mpaka mapeto ndipo anathamangitsidwa limodzi ndi Arius. Nde sikuti mavoti anali pafupi ngati mmene ena amanenera, komanso kusaina mfumu ikukuyang'ana, wokana akuthamangitsidwa, si kusaina momasuka kwenikweni, ndipo ena anasaina n'kudzabwerera m'mbuyo.

Zoti ulamuliro wa Rome unakakamiza chiphunzitsochi zili ndi choonadi chake koma si zowongoka choncho. Constantine yemweyo anadzathamangitsa Athanasius, ndipo pobatizidwa ali pafupi kufa mu 337 anabatizidwa ndi Eusebius wina, wa ku Nicomedia, mnzake wa Arius. Constantius, mwana wa Constantine, ankakondera otsutsa Nicaea. Athanasius anachotsedwa pampando kasanu konse. Nkhaniyi inadzakhazikika mu 381 pa msonkhano wa ku Constantinople, kumeneko mfumu Theodosius ali kumbali ya Nicaea, ndipo Chikhulupiriro cha Nicaea chimene matchalitchi amanena lero ndi chimene chinakonzedwa nthawi imeneyo. Zoti Akhristu ankapembedza Yesu kale Nicaea isanachitike, umboni wake ulipo ngakhale kwa akunja: Pliny, bwanamkubwa wachiroma, analembera mfumu Trajan cha m'ma 112 kuti anthuwa amasonkhana kusanache n'kumaimbira Khristu ngati mulungu. Funso la ku Nicaea linali loti Mulungu m'njira yanji.

Utatu

Chiphunzitsochi chimati Mulungu ndi mmodzi, Atate ndi Mulungu, Mwana ndi Mulungu, Mzimu Woyera ndi Mulungu, koma Atate si Mwana ndipo Mwana si Mzimu. Mawu oti Utatu m'Baibulo mulibe, zimenezo onse amavomereza, woyamba kudziwika kuwagwiritsa ntchito m'Chilatini ndi Tertullian wa ku Carthage cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 200. Okhulupirira Utatu amati ndi njira yogwirira pamodzi Deuteronomo 6:4, Mulungu ndi mmodzi, ndi Mateyu 28:19, kubatiza m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, popanda kutaya vesi ina. A Mboni za Yehova amakana, maganizo awo pa Yesu amayandikira a Arius. Mipingo ina ya chipentekoste yotchedwa Oneness imati Mulungu ndi mmodzi yemweyo amene anaonekera m'njira zitatu. Asilamu ndi Ayuda amati umodzi wa Mulungu sulola zonsezi.

Chenjezo laling'ono kwa amene amaphunzitsa Sande sukulu: fanizo lija la madzi, ayisi ndi nthunzi silifotokoza Utatu. Limafotokoza chinthu chimodzi chosinthasintha maonekedwe, chomwe ndi chiphunzitso cha Sabellius chimene mpingo unachikana m'zaka za m'ma 200. Anthu ambiri amateteza Utatu ndi fanizo lotsutsa Utatu osadziwa.

Mavesi osowa aja

Apa ndi pamene funso loti "linasinthidwa" lili ndi nyama. Kalata yeniyeni imene Paulo analemba kapena pepala limene Marko analigwira palibe amene ali nalo. Tili ndi makope a makope, olembedwa pamanja kwa zaka pafupifupi 1400 makina osindikizira asanabwere. A Chigiriki okha a Chipangano Chatsopano alipo oposa 5,000, ena ndi mabuku athunthu ena ndi tizidutswa. Kachidutswa kotchuka kwambiri ndi P52, kosakwana chikhatho, kali ndi mizere ya Yohane 18, kamasungidwa ku Manchester ndipo ambiri amati n'ka zaka za m'ma 100. Mabaibulo akuluakulu akale, Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, ndi a zaka za m'ma 300.

Makopewa amasiyana, ndipo malo osiyanawo mukawawerenga onse amakwana masauzande mazanamazana. Ochuluka zedi ndi sipelo, kusemphanitsa mawu, kapena diso la wokopera kudumpha mzere chifukwa mizere iwiri yathera mawu ofanana. Taganizani za kalasi imene ana onse akopera notsi za aphunzitsi pa bolodi, bolodi n'kufufutidwa. Mukatenga kope limodzi simungadziwe pamene mwanayo analakwitsa, koma mukasonkhanitsa makope 40 mudzaona kuti uyu anadumpha mzere, awa atatu anakoperana chifukwa alakwitsa pamodzimodzi, ndipo mutha kubwezeretsa zomwe zinali pa bolodi. Ndi ntchito imene akatswiri a zolembedwa pamanja amagwira. Fanizoli limaonetsanso malire ake, ngati onse anakopera kwa mwana mmodzi amene analakwitsa kale, kuchuluka kwa makope sikuthandiza.

Okoperawo nawonso ankadziwa kuti pali anzawo okonda kukonza. Mu Codex Vaticanus, pa Ahebri 1:3, mlembi wina anasintha liwu limodzi, wina wodzabwera pambuyo analibwezeretsa n'kulemba m'mphepete mokalipa, kumutchula mnzakeyo chitsiru ndi kumuuza kuti azisiya zakale mmene zilili. Mkwiyo wakewo ukuonekabe pa tsambalo mpaka lero.

Malo akuluakulu okayikitsa amadziwika ndipo mabaibulo ambiri amasiku ano amawalemba m'munsi mwa tsamba. Marko 16:9-20 mulibe mu Sinaiticus ndi Vaticanus, m'menemo Marko akuthera pa vesi 8, amayi akuthawa kumanda ali ndi mantha osauza munthu, ngakhale wolemba Vaticanus anasiya danga lopanda kanthu pambuyo pake. Nkhani ya mayi wogwidwa ndi chigololo, Yohane 7:53 mpaka 8:11, mulibe m'makope akale kwambiri ndipo m'makope ena imapezeka mu Luka. Nkhani yokoma kwambiri imeneyi, ambiri zimawawawa kumva, koma ndi mmene zilili. Ndiye pali 1 Yohane 5:7, mawu onena za atatu ochitira umboni kumwamba, Atate, Mawu ndi Mzimu Woyera, amene katswiri wina dzina lake Erasmus sanawaike mu Chipangano Chatsopano cha Chigiriki cha 1516 chifukwa sanawapeze m'makope ake, anthu anamukalipira, mu 1522 anawaika, n'kulowa mu King James. A ku Nicaea sanamangire mfundo yawo pa vesi imeneyi.

Nanga Mateyu 17:21? Manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551, machaputala anagawidwa cha m'ma 1200, ambiri amati ndi Stephen Langton. Estienne ankagwiritsa ntchito makope a mochedwa. Atapezeka makope akale kwambiri opanda mzere umenewo, omasulira ambiri anauchotsa, nambala n'kutsala yopanda kanthu, ndipo mawu ake ofanana nawo ali pa Marko 9:29, kumene mwina wokopera wina anawatenga. Okonda King James amati makope ochulukawo ndi amene ayenera kukhulupiriridwa, enawo amati akale kwambiri ndi amene ali pafupi ndi gwero.

Ku Chipangano Chakale nako, mipukutu ya ku Dead Sea itayamba kupezeka ku Qumran mu 1947, mpukutu wa Yesaya wolembedwa Yesu asanabadwe unapezeka kuti ukufanana kwambiri ndi makope a Chiheberi olembedwa zaka 1000 pambuyo pake. Oteteza chikhulupiriro amaikonda mfundo imeneyi ndipo ndi yoona. Chimene satchula kawirikawiri n'choti komweko kunapezekanso tizidutswa ta Yeremiya wa Chiheberi wamfupi, wogwirizana ndi wa mu Septuagint, kusonyeza kuti bukuli linkayenda m'mitundu iwiri. Chimodzimodzinso nambala ya 5,000 ija, ambiri mwa makopewo ndi a zaka za m'ma 800 kupita mtsogolo, a zaka 200 zoyambirira ndi ochepa ndipo ambiri ndi ong'ambika.

Zimene zikadali pabwalo

Akatswiri ngati Bart Ehrman, amene anasiya chikhulupiriro, ndi Daniel Wallace, amene amakhulupirira, amagwiritsa ntchito makope omwewo ndipo pa ziwerengero samasiyana kwenikweni. Amasiyana pa zimene ziwerengerozo zikutanthauza. Kodi pakati pa tsiku limene Marko analemba ndi kope loyamba limene tili nalo panasintha zingati zomwe sitingazione? Wina amati sitingadziwe, wina amati makope a madera otalikirana akugwirizana moti kusintha kwakukulu kukanasiya mapazi. Kodi Marko anafunadi kuthera pa vesi 8, kapena tsamba lomaliza linatayika? Analemba Ahebri ndani, poti bukulo silitchula dzina? Nanga 2 Petro, imene akatswiri ambiri amakayika kuti analemba ndi Petro, ngati sanalembe iye ndiye kuti ulamuliro wake wachepa kapena ayi?

Pali lina limene Akatolika, a Orthodox ndi Apulotesitanti sanamvanebe: kodi mpingo unangozindikira mabuku amene anali kale Mawu a Mulungu, kapena ulamuliro wa mpingo ndi umene umatitsimikizira kuti ndi amenewa? Mukati Malemba okha, mndandanda wa Malembawo mwautenga kuti, poti palibe vesi youlemba? Mukati mpingo, mpingo uti, poti wa ku Rome, wa ku Constantinople ndi wa ku Ethiopia mindandanda yawo siyifanana?

Ndipo olo mutatsimikiza kuti liwu lililonse lafika kwa ife mmene linalembedwera, mwangotsimikiza zimene olembawo ananena, osati kuti zinachitikadi. Zoti Yesu anakhalako ndipo anaphedwa pansi pa Pontiyo Pilato, akatswiri a mbiri pafupifupi onse amavomereza, Tacitus wachiroma amene sankawakonda Akhristu n'komwe analembanso zimenezo cha m'ma 116. Zoti otsatira ake anayamba msanga kulalikira kuti amuona ali moyo, nazonso ambiri amavomereza, 1 Akorinto 15 inalembedwa patangopita zaka 20 ndi zingapo. Koma anaona chani? Apa ena amati kuuka kwa akufa ndi kumene kumafotokoza bwino umboni wonse, ena amati anali masomphenya a anthu olira, ndipo ena amati wolemba mbiri alibe chida choyezera chozizwitsa, kaya chinachitika kaya sichinachitike.